Tomato wosakoma: vuto ndi filiji kapena feteleza?

Mayi wina wandifunsa funso ili, iwo amalima tomato pang'ono kuseri kwa nyumba koma pena amagulanso. Akuti: "Tomato wogula amaoneka bwino, wofiira psuu, koma ukamudya ali ngati madzi basi. Wanga wa kuseri chaka china amakoma, chaka china ayi. Amuna anga akuti vuto ndi feteleza, ine ndikuti ndi filiji. Ndipo tomato wosakomayo ndekuti mulibenso mavitamini?"

Mayi, nonse awiri ndi bambowo mwakhudza penapake, koma amene ali ndi mlandu waukulu simunamutchule. Kukoma kwa tomato kumapangikira kumunda, ndipo kumayambira mumbewu yeniyeniyo musanafese nkomwe. Akangothyoledwa palibenso shuga wina amene angalowemo kuchokera kwina, ntchito yonse ya kasungidwe ndi yongotchinga kuti zomwe zilimo kale zisathawe. Nde filiji ikhoza kuononga tomato wokoma, izo nzoona ndipo ndifotokoza mmene imaonongera, koma tomato amene anachoka kumunda ali wosukuluka olo mutamusunga mwaulemu bwanji sangasinthe.

Tiyambe ndi chimene lilime limamva. Tomato ndi madzi, pafupifupi 94 kapena 95 pelesenti. Kotsalako, ka 5 kapena 6 pelesenti, ndi komwe kuli nkhani yonse. Pafupifupi theka la kotsalako ndi shuga wa mitundu iwiri, glucose ndi fructose, kenako pali asidi amene amapereka kuwawasa kuja, makamaka citric yemwe alinso mundimu, ndi malic pang'ono. Shuga akachuluka asidi kulibe, tomato amangotsekemera mopanda mutu, asidi akachuluka shuga kulibe amakuwawasani mpaka kutsinzina, zonse zikachepa ndi uja mukuti ali ngati madziyu. Wokoma ndi amene ali nazo zonse zochuluka. Alimi akuluakulu amayeza ndi kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa refractometer, umadonthezapo madzi a tomato nkuyang'ana nambala, muyezo wake amati Brix. Tomato wamkulu wamba amapezeka pa 4 kapena 5, ting'onoting'ono tija ta cherry timafika 7, 8 olo kuposa. Kungoona apo mwadziwa kale kuti kukula ndi kukoma siziyendera limodzi.

Koma shuga ndi asidi paokha sangakuuzeni kuti ukudya tomato. Chimene chimatero ndi fungo. Mu tomato akatswiri anapezamo timankhwala touluka topitirira 400, ndipo mwa timeneti ndi 20 kapena 30 tokha tomwe timamveka kwenikweni kwa munthu. Yesani kutsina mphuno nkuluma tomato wakupsa bwino, mumva kutsekemera ndi kuwawasa basi, mukangosiya mphuno kafungo kaja kamabwera nthawi yomweyo kudzera kukhosi. Tina mwa timankhwalati timapangika pamene mpeni kapena dzino laboola, ma enzyme, timankhwala ta m'chipatso tofulumizitsa kusintha kwa zinthu, amakumana ndi mafuta a m'maselo ndipo m'masekondi ochepa mwatuluka kafungo konga ka udzu wongomweta kumene, nchifukwa chake tomato wongodula kumene amanunkhira kusiyana ndi amene wakhala mumbale ola lathunthu. Tina timachokera ku utoto wofiira ndi wachikasu uja ukamasweka pamene tomato akupsa. Ndipo tina timanamiza ubongo, tomato amamveka wotsekemera kuposa shuga amene alimodi. Palinso glutamate, amene amapereka kankhuli konga ka msuzi wa nyama, ndipo wambiri amakhala mu zoterera zija zozungulira njere, mu 2007 ofufuza a ku University of Reading pamodzi ndi wophika wotchuka Heston Blumenthal anayeza nkupeza kuti mkati moterera muja ndi mochuluka glutamate kuposa mnofu wakunja. Amene amafinya njere nkutaya amataya pokoma penipeni.

Tsopano mbewu, amene ndikuti ali ndi mlandu waukuluyo. Tomato wakale akamakula amakhala ndi mapewa obiriwira kwambiri kufupi ndi phesi, ndipo akamapsa mapewawo amachedwa kufiira. Ogula sankakonda, alimi nawo zinkawavuta kudziwa tsiku lothyola. Nde kutapezeka mtundu wina umene umakhala wobiriwira motuwa paliponse nkupsa mofanana thupi lonse, opanga mbewu anaulowetsa pafupifupi mumitundu yonse yogulitsa kwa zaka pafupifupi 70. Mu 2012 gulu la Ann Powell ku University of California, Davis linasonyeza zimene zinatayika pamenepo: kubiriwira kwa mapewa kuja ndi chlorophyll, chipatso chomwecho chimakhala chikudzipangira chakudya ndi dzuwa, ndipo jini (kachibadwa ka m'mbewu kotengera kwa makolo) yomwe inafa kuti tomato azioneka bwino ndi yomwe inkachulukitsa chlorophyll ameneyo. Zotsatira zake shuga anatsika. Mu 2017 gulu la Harry Klee wa ku University of Florida pamodzi ndi anzawo a ku China linayeza mitundu 398 ya tomato, yakale, yamakono ndi yakutchire, nkupeza timankhwala 13 ta fungo tomwe tinachepa kwambiri mumitundu yamakono. Palibe anachita dala. Kungoti mlimi amalipidwa pa kulemera, wogulitsa amafuna wolimba woti ayende ulendo wautali osaphwanyika, wopanga mbewu amayeza zokolola, matenda ndi kulimba, fungo palibe ankaliyeza chifukwa kuliyeza nkodula, nde linangotayika panjira palibe woliyang'anira. Palinso mitundu ija yokhalitsa masabata osafewa, yambiri ili ndi jini yochedwetsa kupsa yotchedwa rin, ndipo chochedwetsa kupsa chimachedwetsanso fungo chifukwa zonsezi ndi ntchito imodzi. M'zaka za m'ma 1990 anthu a ku Germany anafika pomunyoza tomato wa ku Netherlands kuti ndi bomba la madzi, malonda anagwa, ndipo alimi a kumeneko anakakamizika kusintha mitundu.

Musamve ngati ndikuti haibulidi aliyense ndi wosakoma, ayi. Alipo ma haibulidi okoma zedi makamaka ang'onoang'ono, ndipo ilipo mitundu yakale yomwe ndi yosukuluka ndithu kungoti anthu amaikonda chifukwa cha dzina. Chomwe ndikunena nchakuti mtundu ndi umene umaika malire, kalimidwe kanu kamangokufikitsani kufupi ndi malirewo kapena kukusiyani kutali. Ngati chaka chomwe tomato wanu anakoma ndi chaka chomwe sanakome munafesa mbewu zosiyana, yankho mwina lathera pompo. Ndipo ngati mumasunga njere za tomato wogula nkufesa, dziwani kuti ana a haibulidi satengera kholo, wina atuluka chonchi wina chonchi.

Tinene kuti mbewu inali imodzimodzi. Apa chinthu choyamba chomwe ndingakufunseni ndi madzi, osati feteleza. Tomato ukamuthirira kwambiri nthawi imene zipatso zikukula ndi kupsa, madziwo amapita muchipatso, chimafufuma, chimalemera, koma shuga amene masamba apanga ndi yemweyo, nde wagawidwa m'madzi ambiri. Zili ngati tiyi amene shuga wake ndi supuni imodzi koma inu mukungoonjezera madzi kuti akwanire alendo. Nchifukwa chake tomato wothyola mvula itagwa masiku angapo motsatizana amakhala wosukuluka olo mtundu wake ukhale wabwino, ndipo dzuwa limakhalanso litabisika masiku amenewo nde zaipa pawiri. Mbali inayi, tomato wovutikako pang'ono ndi ludzu amabereka zipatso zing'onozing'ono koma zokoma modabwitsa. Ku California kufupi ndi nyanja kuli alimi omwe mbande zikangogwira amasiyiratu kuthirira, mizu imatsika yokha kukafuna chinyezi pansi, zokolola zimachepa kwambiri koma anthu amalimbirana. Ku Pachino pa chilumba cha Sicily tomato amathiriridwa ndi madzi amchere pang'ono, ku Kumamoto ku Japan kuli tomato wolimidwa pa nthaka yamchere yomwe kale inali nyanja, ndipo konseku chinsinsi nchimodzi, mchere umapangitsa kuti mizu ivutike kukoka madzi, chipatso sichifufuma, shuga ndi asidi zimakhala zothinana.

Musathamangire kukathira mchere kudimba chonde, muononga nthaka. Ndipo musamve kuti ndati muzimulanga tomato ndi ludzu chisawawa. Kuumitsa nthaka gwaa kenako nkuthira madzi ambiri tsiku limodzi ndi kumene kumang'alula zipatso, mkati mwafufuma mofulumira khungu silinakonzeke. Ndi kumenenso kumabweretsa kuola kwakuda kuja kunsi kwa chipatso, anthu amathamangira kugula mankhwala opopera poganiza kuti ndi matenda pomwe ndi kashiamu amene sanafike kunsonga ya chipatso chifukwa amayenda ndi madzi ndipo madziwo amabwera modukizadukiza. Chochita ndi kuthirira mofanana kuyambira pa maluwa mpaka zipatso zitafika msinkhu, kuphimbira nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisamakwere ndi kutsika, kenako zipatso zoyamba zikayamba kusintha mtundu muchepetse madzi pang'onopang'ono. Muyezo wake ndi chomera chomwecho: chikagwetsa nkhope masana dzuwa lili paliwombo koma mmawa nkudzuka chili chilili, zili bwino, chikadzuka mmawa chili chofota ndekuti mwapyola.

Shuga amapangidwa m'masamba ndi dzuwa, nde tomato wa pamthunzi wa mtengo kapena wa khoma sangafanane ndi wa poyera, amafuna maola 6 mpaka 8 a dzuwa lenileni. Anthu ena amakonda kusadza masamba ambiri kuti zipatso zione dzuwa, ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Chotsani a pansi okalamba ndi odwala, thenani mphukira za m'khwapa kuti chomera chisasanduke tchire, koma masamba a pamwamba pa tsango ndi amene akudyetsa tsangolo. Chomera chomwe masamba ake apserera ndi matenda a chiwawu chimapsetsa zipatso zofiira ndithu koma zopanda kanthu mkati. Ndipo chipatso chovulidwa padzuwa lamoto chimapsa mbali imodzi nkuyera mbuu. Utoto wofiira uja, lycopene, umapangika bwino kukakhala madigiri 18 mpaka 25, kukapitirira 30 kapena 32 umasiya kupangika pomwe wachikasu umapitirira, nchifukwa chake nyengo yotentha kwambiri tomato amapsa wa olenji osafiira bwinobwino.

Tifike pa feteleza wa bambowo. Chomera sichidziwa ngati nayitrojeni wachokera m'thumba kapena m'khola, mizu imayamwa chinthu chimodzimodzi. Vuto ndi kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Nayitrojeni akachuluka, makamaka mukamabwereza yuriya zipatso zili kale pamtengo, chomera chimasangalala nkumangopanga masamba obiriwira bii, zipatso zimachedwa kupsa, zimabisika mumthunzi, shuga amatsika, vitamini C nayenso amatsika. Manyowa a nkhuku osaola bwino mukawathira mopanda muyezo amachitanso zomwezo, nde si nkhani ya thumba lokha. Chomwe tomato amafuna kwambiri pa nthawi ya zipatso ndi potaziyamu, ameneyu ndi amene amathandiza kunyamula shuga kuchoka kumasamba kupita kuchipatso, amakweza asidi, ndipo akasowa mumaona tomato wopsa mawangamawanga, mapewa achikasu olimba, mukadula mkati muli zoyera zokhakhala. Nde ngati bambo akunena kuti feteleza wa masamba wachuluka, akulondola. Ngati akunena kuti feteleza aliyense amapha kukoma, pamenepo ayi.

Za organic, ulimi wa manyowa wopanda feteleza wa m'thumba, anthu amakangana mpaka kutukwanana, ndinene zomwe zinayezedwa. Ku Davis komwe kuja anayerekeza tomato wa minda iwiri, wa organic ndi wa feteleza, kwa zaka 10, ndipo mu 2007 anatulutsa zoti wa organic anali ndi quercetin wochuluka ndi 79 pelesenti ndi kaempferol ndi 97 pelesenti, awa ndi ma flavonoid omwe chomera chimapanga podziteteza. Koma ofufuzawo anafotokoza kuti chifukwa chachikulu chikuoneka kuti ndi nayitrojeni yemweyo, manyowa amamutulutsa pang'onopang'ono chomera sichikhuta mopitirira. Mu 2012 gulu la ku Stanford litasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa zakudya zosiyanasiyana silinapeze umboni wamphamvu woti za organic zili ndi mavitamini ochuluka. Kwa ine zonsezi sizikutsutsana. Manyowa ndi kompositi ndimazilimbikitsa kwambiri chifukwa nthaka yake imasunga chinyezi mofanana ndipo simwetsa chomera nayitrojeni wambiri nthawi imodzi, koma mlimi wa feteleza wodziwa muyezo akhoza kutulutsa tomato wokoma kuposa wa manyowa amene amathirira mmawa ndi madzulo mosaganiza. Chimodzimodzi wa mu greenhouse kapena wolimidwa m'madzi opanda dothi, anthu amamunena kuti ndi wabodza, koma kumeneko mlimi ndi amene amasankha, akafuna makilo amachepetsa michere m'madzi zipatso nkufufuma, akafuna kukoma amaikweza zipatso nkuchepa. Ambiri amasankha makilo chifukwa ndi omwe amalipira ngongole.

Kenako tsiku lothyola. Tomato ndi mmodzi mwa zipatso zomwe zimapitiriza kupsa zitachoka pamtengo, monga nthochi ndi mapeyala, chifukwa amatulutsa yekha mpweya wotchedwa ethylene umene umalamula kupsa. Tomato woyenda ulendo wautali nthawi zambiri amathyoledwa ali wobiriwira koma wokhwima, akafika amamuika m'chipinda nkutulutsiramo ethylene kuti afiire onse pamodzi. Mpweyawo si poizoni, ndi womwewo umene chipatso chimapanga chokha. Vuto ndi lakuti wothyola sangaone mkati, nde pakati pa okhwimawo pamalowa ena osakhwima, omwe mukawadula njere zimadulika ndi mpeni ndipo zoterera zija sizinapangike, amenewa amafiira kunja mokakamizidwa koma kukoma kulibe ndipo sikudzabwera. Ndikukhulupirira kuti wambiri mwa tomato wogula amene mukudandaula nayeyo ndi wotere, kuphatikiza mtundu wolimba uja ndi kuzizira kwa panjira.

Koma kwa inu wolima pakhomo sikuti mudikire mpaka afewe pamtengo. Akangoyamba kufiira kunsi, kapena kufika theka, shuga wambiri walowa kale, mukhoza kuthyola nkumalizitsa m'nyumba ndipo kusiyana kwake ndi wopsera pamtengo nkochepa kwambiri, pomwe mwamupulumutsa ku mbalame, mbozi, kung'aluka ndi dzuwa lotentha lija loletsa kufiira. Nyengo yotentha kwambiri wothyola msangayu amafiira bwino kuposa wosiyidwa kumunda. Thyolani mmawa kusanatenthe, ndipo musamuponye mudengu. Tomato wogwa pansi olo asaoneke bala kunja, mkati zoterera zija zimasokonezeka ndipo fungo limasintha, wapansi pa mulu waukulu amavulala chimodzimodzi.

Tsopano filiji yanu ija. Tomato kwawo ndi kotentha, makolo ake ndi a ku South America ndipo anazolowetsedwa kumunda ku Mexico, thupi lake silidziwa chisanu. Kukazizira kutsika pa madigiri 12, ntchito zamkati zimayamba kusokonekera, pomwe filiji ya pakhomo imakhala pa 4 kapena 5. Gulu la Klee lija mu 2016 linaika tomato wakupsa pa madigiri 5 kwa tsiku 1, masiku 3 ndi masiku 7. Shuga ndi asidi sizinasinthe kwenikweni. Wa tsiku 1 ndi masiku 3 fungo silinaonongeke kwambiri, koma wa masiku 7 timankhwala ta fungo tinatsika mpaka ndi 65 pelesenti, ndipo atamutulutsa nkumuika pa madigiri 20 tina sitinabwerere, majini opanga fungowo anali atatsekeka. Fungo limatuluka mu tomato nthawi zonse kudzera pachipsera cha phesi, nde likamatuluka koma latsopano osapangika, chipatso chimatsala chopanda kanthu. Wosapsa ndiye amavutika koposa, akakhalitsa mufiliji samapsanso bwino, amachita timaenje pakhungu, mnofu umakhala wa ufaufa, ndipo akatuluka amaola msanga.

Komabe ndisakunamizeni kuti filiji ndi satana. Mu 2020 ofufuza a ku University of Göttingen ku Germany anatenga tomato wothyoledwa atapsa, wina nkumusunga masiku 4 pa madigiri 7 wina pa 20, ndipo akatswiri olawa sanapeze kusiyana koonekera, chomwe chinasiyanitsa kwambiri chinali mtundu wa tomato. Nde zonse ziwiri mukaziika pamodzi nkhani yake ndi iyi, wosapsa asalowe mufiliji ngakhale pang'ono, wopsa amene mudye lero kapena mawa akhale panja, koma wopsa kwambiri amene simutha kumumaliza ndipo m'nyumba mukutentha madigiri 30, muikeni mufiliji masiku 2 kapena 3, pashelefu ya pamwamba kapena pachitseko pomwe sipazizira kwambiri, chifukwa tomato wochepa fungo amadyeka koma woola amatayidwa. Mukafuna kumudya wosaphika mutulutseni akhale panja maola angapo, chinthu chozizira sichinunkhira. Wodula kale yekha ndiye alibe zokambirana, aphimbidwe nkulowa mufiliji pasanathe maola 2, chifukwa asidi wa tomato si wokwanira kuletsa tizilombo ngati Salmonella kuswana pamalo odulidwa.

Wosunga panja, malo ake ndi pamthunzi podutsa mphepo, mzere umodzi osasanjikiza, mbali ya phesi itayang'ana pansi. Kachipsera kaja ndi khomo lalikulu lomwe madzi amatulukira ndi pomwe nkhungu imalowera, khungu lonselo lili ndi phula lake lotchinga, nde mukamugadabuza mwatseka khomo ndipo amachedwa kukwinyika. Pawindo padzuwa ayi, tomato wothyola safuna kuwala kuti apse, amafuna kufunda kwa madigiri 18 mpaka 21 basi, dzuwa limangomufewetsa mbali imodzi. Mujumbo yomanga ayi, amachita thukuta nkuola. Mukafuna apse msanga muikeni mu pepala la khaki kapena mukatoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, mukafuna achedwe mutalikitseni ndi nthochizo ndipo wopsa azikhala padera ndi wosapsa. Musatsuke mpaka nthawi yodya, ndipo potsuka musamuviike m'madzi ozizira kuposa iyeyo, mpweya wamkati umanyala nkukoka madziwo kudzera pachipsera chija pamodzi ndi zonse zili m'madzimo. Kumene kulibe magetsi ndipo mpweya ndi wouma, njira ya miphika iwiri ya dothi, wina mkati mwa unzake pakati nkuthira mchenga wonyowa, yomwe Mohammed Bah Abba anafalitsa kumpoto kwa Nigeria m'zaka za m'ma 1990, imamuyenera tomato kuposa filiji yeniyeniyo chifukwa imaziziritsa osafika pomupweteka.

Latsala funso lanu lomaliza, ngati wosakomayo alibe mavitamini. Alimo mayi, musamutaye. Magalamu 100 a tomato wosaphika amakhala ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 14, potaziyamu pafupifupi 240, folate ndi vitamini K pang'ono, ndi lycopene. Zoona, zinthu zina zomwe zimachotsa kukoma zimachepetsanso izi, madzi ochuluka amasukulutsa zonse, mthunzi ndi nayitrojeni wambiri zimatsitsa vitamini C chifukwa ameneyu amachuluka chipatso chikamalandira kuwala. Koma fungo ndi mavitamini sizithawira limodzi. Filiji yomwe imapha fungo ija vitamini C simuononga mwachangu, amene amamudya kwambiri ndi kutentha, mabala ndi kudula nkusiya pamphepo. Lycopene ndiye amatsata kufiira, tomato wothyola atayamba kusintha amapitiriza kumupanga ali patebulo, mukamuika mufiliji asanafiire mwaimitsa. Nde posankha, wofiira kwambiri mpaka mkati ndi amene ali ndi lycopene wambiri, wachikasu ali ndi wochepa. Ndinene pano kuti zomwe mumamva zoti lycopene amateteza ku khansa ya prostate (kachiwalo ka abambo kokhala kunsi kwa chikhodzodzo) zinachokera pa kafukufuku woona zomwe anthu amadya, umboni wake sunafike poti munthu azimutenga ngati mankhwala.

Kuphika nako kumapatsa uku kukulanda uku. Ku Cornell University mu 2002 gulu la Rui Hai Liu linatenthetsa tomato pa madigiri 88, patatha mphindi 30 vitamini C anatsika ndi 29 pelesenti koma lycopene wopezeka anakwera kupitirira kawiri, chifukwa moto umaswa makoma a maselo momwe anatsekeredwa. Lycopene sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta, nde tomato wophika ndi timafuta pang'ono thupi limamutenga bwino kuposa wosaphika, ndipo khungu musamasende chifukwa lycopene ndi ma flavonoid aja ambiri ali momwemo. Ichi nchifukwa chake tomato wogula wosakoma uja ine ndimati apite mumphika, moto umaumitsa madzi aja, shuga ndi glutamate zimathinana, zomwe mlimi anasukulutsa inu mwazibweza. Wokoma wa kuseri uja ndi amene mudye wosaphika ndi kamchere pang'ono. Akachuluka nthawi imodzi, kumuphika nkumuumitsa mufiriza kapena kumuyanika kumasunga lycopene bwino, koma woyanika padzuwa vitamini C wambiri amapita.

Kuti mkangano wa kunyumbako uthe, chaka chino fesani mtundu umodzi pamabedi awiri, feteleza kapena manyowa mofanana, koma bedi limodzi mulichepetsere madzi zipatso zikayamba kusintha mtundu. Pa bedi lililonse thyolani tomato wopsa mofanana, wina akhale panja mozondoka wina alowe mufiliji sabata yathunthu, kenako muwadule onse atafunda mofanana, bambo alawe osawauza kuti uyu ndi uti. Yuriya mumusiye maluwa akangoyamba kugwira zipatso, ndipo paketi ya mbewu musataye kuti chaka chamawa mudzadziwe dzina la mtundu umene munadzala.